Mlonda wa Makina a Kadamsana

Ruth anafika ku Lifuwu pa njinga yamoto ya kabaza, mabokosi ena atamangiriridwa kumbuyo, lina atalifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Kunali kumapeto kwa Ogasiti. Mwera unali usanaleke, ndipo utsi wa lupsa unali utakuta mapiri a ku Senga moti ankangooneka chizimezime.

Mchimwene wake Chrispin anatuluka m'nyumba akuseka. "Abwana afika! Katundu yenseyu ndi wathu?"

"Ndi wa ntchito, achimwene. Gwirani bwino, musagwetse. Ndachita kubwereka ku yunivesite."

Panalibe chinthu chimene Chrispin ankachinyadira kuposa mlongo wakeyu. Makolo awo atamwalira, iye ndiye anasiya sukulu ali Fomu 2 n'kutenga munda wa bambo awo mu sikimu ya mpunga kuti Ruth apitirize. Sanadandaulepo. Ruth akakhoza mayeso, Chrispin ankayenda m'mudzi mapewa ali m'mwamba ngati wakhoza ndi iye. Tsopano mtsikanayo ankachita digiri yachiwiri, ya sayansi ya zamumlengalenga, zinthu zoti Chrispin sankazimvetsa koma ankakonda kuzitchula pagulu.

Pakhonde panali mkazi wa Chrispin, Karima, atatambalala pamkeka, mimba itafika pakhosi. Karima anali mwana wa asodzi a kugombe la kumpoto, Asilamu, ndipo ukwati wake ndi mnyamata wa kutchalitchi unavuta kuti utheke. Abale ake anachita kulolera monyinyirika. Mimba zam'mbuyo zonse zinapita padera, ndipo kwawo kunali anthu amene ankati n'chifukwa chokwatiwa kumene sanayenera. Iyi yokha ndi imene inalimba mpaka mwezi wake kuyandikira. N'chifukwa chake mayi ake, a Hajara, anali atabwera kudzakhala pakhomopo mpaka mwana atabadwa.

"Alamu, musadzuke," anatero Ruth akugwada pambali pa mkeka. "Mwanayu ndiye wakula bwanji!"

"Akungomenya mpira m'kati muno," anayankha Karima. "Akudikira azakhali ake."

A Hajara analandira moni, koma maso awo anali pa mabokosi.

M'mawa mwake Chrispin ndi Ruth ananyamula katunduyo kupita naye kuseri kwa mudzi, kumene Chrispin anali ndi kamunda kouma ka pamtunda. Panalibe mtengo ngakhale umodzi, ndipo nyanja inkaonekera patali. Ruth anati malo ake ndi amenewo. Anazika miyendo yachitsulo, n'kuikapo chinthu chonga poto, m'kati mwake muli timapiko tozungulira ngati fani. Analumikiza waya ku batire, batire ku sola, ndipo chinthu chija chinayamba kulira pang'onopang'ono ngati njuchi.

"Ndiye chimenechi chimayeza chiyani?" anafunsa Chrispin.

"Magetsi a mumpweya."

Chrispin anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo. "Magetsi ake ati? Mvula kulibe, mphenzi kulibe."

"Amakhalapo nthawi zonse. Thambo ndi nthaka zili ngati mbali ziwiri za batire, ife timayenda pakati pake, kungoti sitimva kanthu." Ruth anapukuta manja pa siketi. "Paja wailesi yanu usiku imagwira masiteshoni a ku Mozambique ndi ku Tanzania, koma masana amasowa?"

"Eya, imatero."

"Kumwamba kwenikweni, kupitirira kumene kumadutsa ndege, kuli mpweya wopyapyala. Dzuwa likamauomba, mpweya umenewo umadzaza magetsi. Likalowa, umasintha, n'chifukwa chake mawu a wailesi amayenda mtunda wautali usiku. Tsono Lachinayi likudzali kuli kadamsana. Mwezi udutsa pamaso pa dzuwa, ndipo kumwambako kukhala ngati kwagwa kausiku kakafupi masanasana. Ine ndikufuna kudziwa ngati magetsi a pansi pano nawo amve. Ena amene anayeza kwawo anati amatsika, ena anati amakwera. Za kuno kwathu sindinawerengepo paliponse."

"Ukapeza, ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti ndalemba, ndamaliza sukulu. Ndikaphonya, kadamsana wamkulu chonchi sabweranso msanga."

Ruth anafotokoza kuti tsikulo iye adzakhala ku Khombedza ndi makina ena, omvetsera masetilaiti, oyeza mpweya wa kumwamba uja. A kumundawa anafunika mlonda. Munthu kapena mbuzi ikangoyandikira, makinawo amayeza munthuyo m'malo mwa thambo, ndipo ntchito yonse imawonongeka. Anazunguliza malowo ndi chingwe, bwalo lalikulu ndithu.

"Inunso musalowe m'chingwemu, achimwene. Muziima kunja, mbali imene mphepo ikupita. Kuyambira dzuwa lisanayambe kudyeka mpaka litabwerera lonse, pasafike aliyense."

"Ngakhale nyerere sidutsa," anatero Chrispin.

Madzulo a tsiku lomwelo anapita pa bawo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo. Anzake anali ataona kale zitsulo zija, ndipo anamufunsa. Chrispin anafuna kufotokoza monga anafotokozera Ruth, koma mawu ake anamuthawa, n'kungotsala ndi kunyada.

"Mlongo wanga wabweretsa makina okoka magetsi a kumwamba," anatero akuponya nkhomo. "Lachinayi muona nokha. Dzuwa lizima masana."

Ena anaseka. Wina anati za kadamsanayo analengeza kale pa wailesi, si za makina ayi. Koma nkhani ikachoka pa bawo imayenda yokha. Pofika mawa lake pa mjigo, amayi ankauzana kuti zitsulo za kwa Chrispin ziyamwa dzuwa, ndipo woziyandikira magazi ake auma. Ena anawonjezera kuti mkazi akaziponda chithunzithunzi sadzaberekanso. Chrispin atamva, anangoseka. Anaona kuti n'zabwinonso, anthu aziopa, asamayandikire.

A Hajara sankalankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso. Mawu awo ankadzera mwa Karima, ngakhale onse ali pakhonde limodzi.

"Uwauze amuna akowa achotse zitsulo zawo kumundako. Ndipo Lachinayi iwe sutuluka m'nyumba. Wapakati saona kadamsana."

Mayiwo atapita kukatunga madzi, Karima anamwetulira motopa. "Musawamvere, akungoopa. Koma inu tsiku limenelo musapite kutali. Msanawu ukundiwawa kuyambira dzana."

"Ndikhala kuseri kwa mudzi pomwepa, foni ili m'thumba. Ukangoimba, ndafika. Ndipo Masautso ndapangana naye kale, ndikangomuimbira galimoto yake ili pakhomo."

Masautso anali mnzake wa ubwana, woyendetsa galimoto ya matola pakati pa Lifuwu ndi kuboma.

Lachinayi Ruth ananyamuka m'mamawa. Anamusiyira mchimwene wake magalasi a katoni oonera dzuwa, n'kumugwira dzanja mwamphamvu. Chrispin anasuzumira kuchipinda. Karima anali chigonere, anati sanagone bwino koma ali bwino. A Hajara anali atayamba kale kutseka mawindo ndi zitenje.

Kumunda kunali mphepo. Mwera unkachokera kunyanja ukuulutsa fumbi ndi mapesi. Anthu anayamba kubwera m'timagulu, n'kumaima patali, kuloza, kunong'onezana. Achinyamata ena olimba mtima anafika pa chingwe, ndipo Chrispin anawathamangitsa. Anabweza mbuzi, anabweza galu, anabweza mkulu wina amene ankati njira yake yopita kudimba imadutsa pomwepo chiyambire. Pamene dzuwa linkakwera, mawu ake anali atasasa.

Ndi pamene anakumbukira foni. Anaitulutsa m'thumba n'kuiyang'ana. Nayonso ili ndi batire, anaganiza, nayonso imakoka mawu mumlengalenga. Ruth sananene kanthu za foni, koma mwina anangoiwala. Bwanji ngati ntchito ya zaka zonsezi ingawonongeke chifukwa cha kanthu kam'thumba mwa mlonda? Ndi kanthawi kochepa chabe. Anaizimitsa.

Poyamba sipanaoneke kusintha kulikonse. Atavala magalasi aja anaona kuti dzuwa lalumidwa m'mbali, monga mwana amalumira chitumbuwa. Pang'onopang'ono bala lija linakula. Kuwala kunayamba kufooka, osati ngati madzulo, koma ngati dziko ladwala. Mchenga unatuwa, nyanja inachita bii, ndipo mphepo inazizira mpaka anapinda manja pachifuwa. Anthu aja anabalalika, ena akuthamanga. Kumzikiti kunamveka kuitanira swala pa nthawi yosazolowereka. Dzuwa linatsala kachizenga kopyapyala ngati mwezi wongokhala kumene.

Chrispin anaima yekha m'mundamo, makina akulira kumbuyo kwa chingwe. Anaganiza za mpweya wa kumwamba uja, kutali kupitirira ndege, ukuzirala ngati phulusa, ndi kachitsulo ka mlongo wake kakumvetsera pansi pano. M'mudzi monse, iye yekha ndiye ankadziwa chimene chinkachitika. Anamva ngati wabwerera pa desiki imene anaisiya kalekale, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

Kenaka kumalire a munda kunatulukira munthu akuthamanga. Anali a Anna, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo. Atafika poti n'kuona zitsulo zija anaima chilili, kutali kwambiri ndi chingwe, osayerekeza kuponda patsogolo. Anavula chitenje cha pamwamba n'kuyamba kuchikupiza. Ankafuula, koma mphepo inkatenga mawu awo n'kupita nawo kwina. Chrispin anangomva dzina lake lokha.

"Bwererani!" anakuwa, akuwabweza ndi manja onse awiri. "Dzuwa likabwerera! Pano ayi!"

A Anna anafuulanso, manja ali kumutu. Anayenda pang'ono, anayang'ana makina, n'kuimanso. Chrispin anatola chibuma n'kuchita ngati akufuna kugenda, monga anachitira ndi mbuzi zija. Mayiwo anatembenuka n'kuthamangira kumudzi.

Akuopa mdima, anaganiza Chrispin. Akufuna ndizimitse makina kuti dzuwa libwerere. Anaseka yekha.

Anadikira monga anauzidwira. Kachizenga kaja kanakula, kutentha kunabwerera, nkhuku zinayambanso kulira kumudzi. Dzuwa linali litapendeka kale pamene anatsimikiza kuti labwerera lonse. Anayatsa foni kuti amuuze Ruth kuti ngakhale nyerere sinadutse. Foniyo inanjenjemera m'manja mwake, inanjenjemeranso, osaleka. Anali mauthenga onena kuti nambala ya Karima inamufuna.

Sanadziwe mmene anafikira kunyumba. Chitseko chinali pululu. Kuchipinda kunali mdima chifukwa cha zitenje za m'mawindo zija, koma fungo analimva asanaone. Mphasa inali yonyowa, beseni lili pambali, nsanza zofiira zili mbwee. Munalibe munthu.

Mwamuna wa a Anna ndiye anamufotokozera, ataima panja, osamuyang'ana kumaso. Magazi anayamba dzuwa litangoyamba kudyeka. Karima anaimba foni, anaimbanso. A Hajara anakana kutsegula chitseko, ankati adikire kadamsana adutse. Magazi atapitirira, anafuulira a Anna pa windo kuti akaitane Chrispin. A Anna atabwerako okha, anazungulira mudzi kufuna njinga yamoto, koma akabaza ena anali kumzikiti, ena atadzitsekera m'nyumba. Nambala ya Masautso panalibe amene anali nayo. Mapeto ake anamufunditsa Karima bulangete kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumukweza pa ngolo.

Ku chipatala chaching'ono Chrispin anauzidwa kuti Karima amutumiza kale kuchipatala chachikulu kuboma. Atafika kumeneko anapeza a Hajara atakhala pansi m'khonde, atatsamira khoma, milomo ikuyenda ndi dua. Sanadzutse mutu. Patapita nthawi dokotala wachinyamata anatuluka n'kufunsa mwamuna wa wodwalayo. Anamutengera pambali. Anati nsengwa inalekana ndi chiberekero mwana asanabadwe. Mwanayo, wamwamuna, anamupeza atafa kale. Mayi apulumuka, koma magazi anakana kuleka, ndipo anachita kuchotsa chiberekero.

"Tikanafulumira?" anafunsa Chrispin.

Dokotalayo anapuma mozama. "Zimenezo sindingalumbire, bambo. Nthawi zina ngakhale ofulumira amaluza mwana. Koma magazi amene anataya panjira ndi ambiri."

Ruth anafika dzuwa lisanalowe, chikwama cha laputopu chikadali kumsana. Anakhala pa benchi pambali pa mchimwene wake, n'kumugwira phewa. Anthu ankadutsa ndi mabakuli a chakudya cha odwala.

"Ruth," anatero Chrispin, maso ali pansi. "Foni ikanasokoneza makina ako?"

"Foni yanji?"

"Yanga. Ndinaizimitsa. Ndimati mwina isokoneza."

Anamva dzanja la Ruth likulemera paphewa pake. Anadziwa kuti mlongo wake akufunafuna bodza loti amupatse, ndipo mumtima mwake anapempha kuti alipeze.

"Ayi, achimwene," anatero Ruth motsitsa mawu. "Pamene munaima paja, sikanasokoneza kanthu."

Khandalo anakaliika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira mokweza, monga amachitira ndi mwana amene sanapumeko mpweya wa kunja kuno. Chrispin sanalione nkhope.

Uthenga unafika ku chilumba cha Mbenji, kumene mchimwene wake wa Karima, Bilali, ankapha nsomba. Anawoloka ndi boti loyamba, ndipo sanayambire kuchipatala. Anafika ku Lifuwu ndi anzake, nkhafi zili m'manja, n'kulunjika kumunda kuja. Makina anali akadali pomwepo akulira, chifukwa Ruth ankafuna kuti ayezenso masiku wamba, opanda kadamsana, kuti adzafananitse. Chrispin anawatsatira, ndipo anaima kunja kwa chingwe. Bilali anadula chingwecho ndi mpeni, anamenya poto uja mpaka timapiko tinauluka, anaswa sola, n'kukankha batire ndi phazi. Zidutswa anakaziponya mu ngalande ya sikimu. Podutsa pafupi ndi Chrispin anaima, akupuma mwawefuwefu, kudikira kuti mlamu wakeyo anene kanthu. Chrispin anangopatuka kuti amupatse njira.

Karima atatuluka m'chipatala, abale ake anamutengera kwawo. Patapita masabata angapo ankhoswe a mbali zonse anakumana pakhomo pa Chrispin. Anthu anadzaza bwalo, ena ataima kuseri kwa mpanda. Ruth anabwera kuchokera ku yunivesite n'kukhala kumbali ya amayi, pafupi ndi khomo la khitchini.

A Hajara analankhula nthawi yaitali. Anati anachenjeza, koma sanamvedwe. Anati mwana wawo anali bwinobwino mpaka tsiku limene zitsulo zinazikidwa kuseri kwa mudzi. Anati mkamwini wawo yemwe ananena pa bawo, anthu akumva, kuti makinawo amakoka magetsi a kumwamba ndipo azimitsa dzuwa. Nanga chokoka dzuwa chingalephere kukoka mwana m'mimba? Za chitseko sanatchule. A Anna anali pomwepo, koma anangoweramitsa mutu n'kumatokosa pansi ndi kamtengo.

Nkhoswe ya kwa Chrispin inatembenukira kwa iye. "Mwamva. Muli ndi mawu?"

Chrispin anaona bwino lomwe njira ziwiri zimene zinali patsogolo pake. Akanatha kunena kuti makinawo sankakoka kanthu, ankangomvetsera, ndipo mawu a pa bawo anali matama ake. Koma akatero, funso likanatsala poyera: nanga chinapha mwana n'chiyani? Pamenepo pakanatuluka foni, pakanatuluka chibuma chimene anatolera a Anna, pakanatulukanso chitseko cha apongozi ake. Anakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire, a Hajara anamuyang'ana m'maso mwenimweni. Onse awiri ankadziwa. Mlandu ukakhala wa zitsulo, aliyense wa iwo akanatha kudzuka mawa n'kuyenda pakati pa anthu.

"Achimwene," anatero Ruth kuchokera kumbali ya amayi. "Nenani kanthu. Mukudziwa chimene makina aja ankachita. Ndinakuuzani."

Anthu anang'ung'udza kuti mkaziyo akulankhula asanapatsidwe mpata.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero Chrispin. "Za makinawo mwini wake ndiye akudziwa. Ine ndinangouzidwa kuti ndilondere."

Sanayang'ane kumene kunali Ruth. Anangomva mkeka ukukhwekhwereza, kenaka mapazi akutuluka pa mpanda. Bwalo linagamula kuti Karima akhale kwawo mpaka mtima wake utakhazikika, ndipo zitsulo zamtundu umenewo zisadzaonekenso m'mudzimo. Pomwe anthu ankabalalika, Ruth anali atakwera kale njinga ya kabaza. Zovala zake zina anazisiya pa chingwe.

Anadzalankhulana kamodzi kokha, mwezi wa Okutobala uli kumapeto, Chrispin atapita kuboma kukagula feteleza. Anakumana mwangozi pa depoti, Ruth akudikira basi ya kumpoto ndi chikwama chachikulu. Anali ataonda. Anapatsana moni ngati anthu ongodziwana.

"Sukulu ikuyenda?" anafunsa Chrispin.

"Ndaimitsa. Ndapeza malo ophunzitsa ku sekondale ina ku Karonga."

"Nanga zimene unayeza zija? Zinatayika?"

"Sizinatayike. Ndinali nditakopera kale a Bilali asanafike." Ruth anayang'ana kumsewu. "Magetsi anatsika, achimwene. Dzuwa litangoyamba kubisika, mzere wosonyeza magetsiwo pa laputopu unayamba kutsika, litabwerera nawo unakwera. Nditauona koyamba ndinalephera kupuma. A ku Khombedza nawo anaonetsa kuti kumwamba kuja kunasintha."

"Ndiye unapeza."

"Aphunzitsi anga akuti mwina ndi kadamsana, mwina ndi utsi wa lupsa, mwina ndi fumbi la mwera, pakuti zonsezo zimasuntha mzere umenewo. Kuti tisiyanitse pamafunika masiku wamba ambiri, pamalo omwewo, ndi makina omwewo. Makinawo ali mu ngalande. Ndipo akunena zoona, ine ndemwe ndikanakhala iwo ndikanatero." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Munalondera bwino. Tsiku lonse lija palibe chimene chinayandikira. Zikuoneka pa mzerewo."

Chrispin anafuna kunena za bwalo lija. Anatsegula pakamwa, koma kondakitala anayamba kuitanira, ndipo Ruth ananyamula chikwama chake yekha.

"Mukawaona alamu, mukawapatse moni," anatero, n'kukwera.

Kwa Karima Chrispin anapitako mvula isanagwe, kutentha kuli pachimake. Anamupeza kugombe masana, akutembenuza usipa pa thandala, atafunda mpango mpaka pachipumi. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira pamimba. Atamuona sanathawe, sanamwetulirenso. Anamulozera mthunzi wa bwato lovundikira, iye n'kukhala chapatali.

"Ruth akupereka moni."

"Alamu anga alibe mlandu," anatero Karima. "Za makinazo ine sindinakhulupirirepo, ngakhale tsiku limodzi."

Chrispin anasendera pafupi. "Ndiye tiye kwathu, Karima. Nyumba ija yandikulira."

Karima anatola kausipa kamene kanagwa pamchenga, anakapukuta, n'kukasunga m'manja.

"Ndinaimba," anatero. "Ndili pamphasa paja, mumdima, ndinaimba mpaka zala zinkaterera pa foni. Ulendo uliwonse ankayankha ndi mayi uja wa mu foni, wonena kuti nambala imene mwaimba sikupezeka. Mwana anali akusunthabe nthawi imeneyo. Ndinkamuuza kuti dikira, abambo ako akubwera. Kenaka analeka." Anakonza mpango wake pachipumi. "Sindikudana nanu. Koma ndikakuonani chonchi, ndimamva mawu a mayi ameneyo."

"Amayi ako nawonso anatseka chitseko."

"Ndikudziwa. Ndinali m'katimo ndine. Koma munthu ayenera kukhala penapake, ndipo amayi ndi amene anandisambitsa m'chipatala muja. Usiku ndimawamva akulira, akuganiza kuti ndagona." Anaponya kausipa kaja pa thandala. "Kakwatireni wina, wobereka. Ine zanga zinatha."

"Sindikufuna wina."

"Zimenezo ndi zanu. Koma ngati mukufuna kundichitira kanthu, kayeretseni dzina la mlongo wanu. Mukanene pamaso pa anthu, monga munanenera zinazo pamaso pa anthu."

"Ndikanena," anatero Chrispin.

Karima anadzuka movutikira n'kubwerera ku thandala. Chrispin anakhalabe pamthunzipo kanthawi, koma mkaziyo sanachewukenso.

Sabata yonse anakonza mawu ake akusalaza nazale ya mpunga. Anasankha Lamulungu, nthawi ya zolengeza, pamene mkulu wa mpingo amafunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Tsikulo anavala malaya oyera n'kukhala kutsogolo. Tchalitchi chinali chodzaza, a Anna ali ku kwaya. Analengeza za chitukuko, za odwala, za ukwati wa mwezi wamawa. Kenaka mkuluyo anayang'ana mpingo n'kufunsa funso lija.

Chrispin anagwira benchi ya kutsogolo kwake. Miyendo inalimba kuti adzuke. Anamva kutsokomola kwa anthu kumbuyo, mwana akulira, malata akuthetheka ndi dzuwa. Anaganiza za mawu oyamba, ndipo anaona nkhope zonsezo zikutembenukira kwa iye.

"Ngati palibe, tiyeni tiimirire tilandire mdalitso," anatero mkulu wa mpingo.

Chrispin anaimirira pamodzi ndi anthu onse.

Pakhomo, potuluka, mkulu wina wokalamba amene ankalima moyandikana naye mu sikimu anamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kulisunga nthawi yaitali.

"Limbani mtima, mwana wanga. Tonse tikudziwa kuti inu munalibe chifukwa. Munadzimana, munaphunzitsa mlongo wanu, ndiye malipiro ake ndi amenewa. Sukulu ikapitirira imadya eni ake."

Anthu amene anali pamzere kumbuyo anavomereza ndi mitu, mwachifundo.

"Zikomo, abambo," anatero Chrispin, ndipo anasunthira kutsogolo kuti enanso amugwire dzanja.